Seva yathuyathu ku Nsaru: tikalemba, awerenge ndani?

Facebook ikatsekera munthu tsamba osamuuza chimene walakwa, kapena mwini wake wa X akadzuka n'kusintha malamulo, sipalephera kupezeka wodziwa za makompyuta amene amati njira yothawira ilipo kale: tichoke m'manja mwa makampani akuluakuluwa, gulu lililonse likhale ndi seva yake. Amene amanena zimenezi sakulota ayi. Pali masamba a mchezo amene alibe mwini mmodzi, monga Mastodon imene Eugen Rochko wa ku Germany anatulutsa mu 2016. Aliyense wokhala ndi kompyuta yosazima komanso intaneti atha kutsegula seva yake, kuika malamulo ake ndi kulembetsa anthu ake, ndipo maseva masauzande amatumizirana mauthenga monga mmene imelo imachokera ku kampani ina kupita ku inzake. Pongonena, ndiye kuti kopaletivi ya alimi a soya ku Nsaru, parishi ya Nambuma kapena sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete itha kukhala ndi polankhulira pakepake, posayang'aniridwa ndi munthu wokhala ku California. Ganizoli ndi lokoma, ndipo ine ndili m'gulu la ofuna kuti litheke. Koma pali mbali imene olilimbikitsa amaidumpha. Mmene masambawa anapangidwira, seva yaing'ono imaona zochepa ndipo nayonso imaonedwa ndi ochepa, choncho tikangotengera njirayi mwachimbulimbuli, anthu akumudzi amene tikuti tikuwamasula ndi omwe adzakhale akulankhula okha.

Vuto lonse lagona pa mmene uthenga umayendera. Tiyerekeze kuti kopaletivi ya ku Nsaru yatsegula seva, ndipo mamembala 30 alembetsa. M'mwezi wa Meyi mlembi wawo akulemba kuti soya wauma, matumba asokedwa, akufuna wogula wa mtengo woposa umene mavenda akupereka pa sikelo zawo, ndipo akuikapo chizindikiro cha #soya kuti ofufuza aupeze. Seva ya ku Nsaru siulengeza uthengawo kwa aliyense. Imayang'ana mndandanda wa anthu amene amatsatira mlembiyo, n'kuutumiza ku maseva a anthu okhawo basi. Ngati omutsatira onse ndi anzake 29 a pa seva yomweyo, uthenga uja suchoka pa Nsaru. Wogula wa ku Kanengo amene ali pa seva ina angafufuze #soya mpaka dzuwa kulowa, saupeza, chifukwa seva yake sinaulandire ndipo palibe malo amodzi osungira mauthenga onse amene angakafunseko. Pobwerera nako n'chimodzimodzi. Mlembiyo akafufuza za mtengo wa feteleza, seva yake imamuonetsa zokhazo zimene zinafika chifukwa mmodzi mwa anthu 30 aja amatsatira wolembayo. Kwa zaka zambiri, ngakhale mayankho a pansi pa uthenga wochokera ku seva ina akhala akuoneka operewera kwa munthu wa pa seva yaing'ono: iye akuona awiri, pamene enieniwo alipo ambirimbiri, ndipo amayankha zimene ena anayankha kale osadziwa. Izi sikuti makina aonongeka. Ndi mmene anakonzera dala, pofuna kuti pasakhale mmodzi wogwira zonse, ndipo mtengo wa chisankho chimenecho amalipira ndi wamng'ono.

Amene anagulitsako tomato akudziwa kusiyana kwa kuika mulu pakhomo ndi kuupititsa kumsika pa tsiku la msika. Pakhomo palibe wodulitsa tikiti ndipo palibe wokuuza pokhala, koma ogula ndi okhawo odutsa panjirapo. Anthu amalolera kukwera kabaza ndi kulipira tikiti chifukwa kumsika n'kumene kuli maso. Pa masamba amenewa nazonso zikuyenda chomwecho. Seva yokhala ndi anthu masauzande imalandira mauthenga ochokera kulikonse, chifukwa pa anthu ochuluka chotero sipalephera kupezeka mmodzi wotsatira wina wake kwina kwake, ndipo wolemba pamenepo amaonedwa msanga, n'kugawidwa, n'kupeza omutsatira atsopano. Elon Musk atagula Twitter (imene lero ndi X) mu Okutobala 2022 pa mtengo wa madola 44 biliyoni, anthu ambiri anathawira ku Mastodon, koma ochuluka anasokonezeka ndi funso loyamba lenilenilo loti asankhe seva iti. Mu Meyi 2023 eni pulogalamuyi anagonja, n'kukonza zoti wolembetsa watsopano azingoikidwa pa mastodon.social, seva yawo yaikulu, pokhapokha atasankha yekha kupita kwina. Ambiri anadandaula kuti uku n'kubwerera komwe tinachoka, koma chisankhocho chinangovomereza zimene zinali kuchitika kale. Imelo inadutsa njira yomweyi. Mpaka lero palibe lamulo loletsa munthu kuyendetsa seva yake ya imelo, koma amene anayesapo amadziwa kuti makalata ake amakonda kugwera m'bokosi la zinyalala ku Gmail, ndipo palibe ofesi yokadandaulako.

Dera la kumadzulo kwa Lilongwe lili ndi phunziro lakelake pa nkhaniyi, ndipo ndi lakale kuposa Mastodon. Mu 2008, Josh Nesbit, amene panthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya Stanford, anabwera ku chipatala cha St Gabriel ku Namitete ndi mafoni 100, laputopu imodzi ndi pulogalamu yotchedwa FrontlineSMS. Chipatalachi chinkatumikira anthu pafupifupi 250,000, ambiri a iwo okhala kutali, ndipo anthu odzipereka othandiza odwala m'midzi ankayenda mitunda pansi kapena panjinga kuti angokanena kuti wodwala wakuti wafooka, kapena wakuti wasiya kumwa mankhwala. Mafoni aja atagawidwa, uthenga umodzi wa SMS unkafika pa laputopu ya kuchipatala, namwino n'kudziwa mudzi woti apiteko ndi mankhwala oti anyamule. M'miyezi isanu ndi umodzi yoyesera, ogwira ntchito anapulumutsa maola oposa 2,000, ndipo chiwerengero cha odwala TB amene chipatala chinkatha kuwasamalira chinawirikiza kawiri. Ntchito imeneyi ndiyo inabala bungwe la Medic Mobile, limene njira zake zinafalikira m'maiko ambiri. Laputopu imeneyo inali seva yaing'ono mwa maseva aang'ono, ndipo inagwira ntchito bwino. Chifukwa chake n'chakuti panalibe wofufuza mnzake. Wolemba aliyense ankadziwa woti awerenge, wowerengayo anali pantchito yake kudikira, ndipo uthenga sunkafunika kupita kwina kulikonse kupitirira pa Namitete. Seva yaing'ono imachita bwino pamene anthu akudziwana kale. Imalemala pamene cholinga n'kupezedwa ndi mlendo amene sakukudziwa, ndipo mlimi wofuna wogula, woimba wofuna omvera kapena mudzi wofuna kuti za mlatho wawo wokokoloka zimveke ku Capital Hill, onsewa akufuna mlendoyo.

Njira zimene zakwanitsa kufikira anthu akumudzi m'dziko muno zikuonetsanso zomwezo. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011, ndipo chinakula kufika dziko lonse pa nambala imodzi, 54747, imene mayi wa ku Kabudula ndi wa ku Karonga onse angaimbe. Kukanakhala kuti chipatala chilichonse chaching'ono chili ndi nambala yake yodziwika kwa oyandikana nacho okha, ntchitoyo ikanafera m'njira. Wailesi nazo: ya m'dera monga Mudziwathu ku Mchinji imakondedwa chifukwa imatchula midzi ndi mafumu amene omvera akuwadziwa, koma nkhani yake imathera pomwe mphamvu ya mlongoti yathera, kufikira wailesi yomveka dziko lonse itaitola. Zodiak, imene inayamba mu 2005, inatchuka msanga makamaka chifukwa choika atolankhani m'maboma ndi kubweretsa mawu awo pa malo amodzi. Ndipo pamene MACRA inalanda ziphaso za mawailesi angapo mu 2022 chifukwa cha ngongole za malipiro amene ankawerengedwa m'madola, tinaona kuti ofooka m'thumba ndi amene amayamba kuzima.

Wina anena kuti Facebook nayonso imabisa aang'ono, ndipo akunena zoona. Tsamba la kalabu ya alimi ku Mpingu silioneka kwa onse amene analikonda, chifukwa kampaniyo imasankha zoti ionetse ndipo imafuna ulipire kuti uthenga wako ukankhidwe. Mu Januwale 2018 inasintha kasankhidwe kake, ndipo masamba a nkhani m'maiko ambiri anataya owerenga osafunsidwa maganizo. Palinso choopsa china chokhala ndi khomo limodzi: n'losavuta kutseka. Uganda inatseka Facebook mu Januwale 2021, Nigeria inaimitsa Twitter kuyambira Juni 2021 mpaka Januwale 2022, ndipo anzathu a ku Zambia anapeza pa tsiku la chisankho, pa 12 Ogasiti 2021, WhatsApp ndi Facebook zikuvuta kutseguka. Maseva masauzande omwazikana satsekeka ndi kalata imodzi yopita ku kampani ya mafoni, ndipo ichi n'chifukwa chokwanira choti nkhaniyi tisaitaye. Komabe tisadzinamize. Pa Facebook wogula wa ku Kanengo, mtolankhani, phungu wa dera ndi mchimwene amene ali ku Johannesburg onse ali pamodzi, ndipo dzina la kalabu likalembedwa pofufuzira limatuluka. Kubisidwa kwa pa Facebook kumachitika chifukwa wina wasankha kukubisa, ndipo zimenezo zimakwiyitsa. Kwa pa seva yaing'ono kumachitika popanda wosankha, ndipo kwa mlimi amene soya wake akufumbwa m'nyumba kusiyanako sikumuthandiza kanthu.

Odziwa makinawa ali ndi yankho lawo. Amati pali maseva opatsirana otchedwa relay, amene seva yaing'ono ingalumikizidweko kuti izilandira mauthenga a maseva ena onse olumikizidwa pamenepo, nayonso n'kumatumizako ake. Amatinso pulogalamuyi ikukonzedwabe, mwachitsanzo mu Seputembala 2023 inayamba kulola kufufuza mawu a m'kati mwa mauthenga a anthu amene avomereza. Zonsezi n'zoona, koma funso n'lakuti alipire ndani. Seva yolumikizidwa ku relay yaikulu imadzazidwa ndi mauthenga ndi zithunzi za anthu a ku Ulaya, America ndi Japan, zimene zimadya malo osungira ndi intaneti, pamene za Chichewa mulibemo. Kuika kompyutayo pa Nsaru penipeni kumafuna magetsi osazima, ndipo tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Seva ikazima masiku angapo, anzake amatopa kuyesa kuitumizira mauthenga n'kuileka, ndipo zimene zinadutsa ili chizimire zambiri sizibweranso. Kubwereka malo pa makompyuta a kunja kumafuna khadi lolipira m'madola mwezi ndi mwezi, m'dziko limene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiponso limene ndalama zakunja zimavuta ngakhale kwa oitanitsa mafuta ndi mankhwala. Pamwamba pa izo pakufunika munthu wodziwa kukonza zikasokonekera, ndipo m'magulu athu munthu wotereyu amakhala mmodzi, kawirikawiri mnyamata amene mawa apeza ntchito m'tauni kapena akwera basi ya ku Joni. Akachoka, seva imafa, ndipo pa Mastodon munthu angasamuke ndi omutsatira ake koma zimene analemba sizisamuka naye.

Palinso nkhani ya kukhulupirirana, imene simatchulidwa kawirikawiri. Woyang'anira seva iliyonse ali ndi mphamvu yotsekereza seva ina yonse ngati akuikayikira. Mu Febuluwale 2024 anthu otumiza mauthenga a zinyalala analowerera maseva aang'ono osayang'aniridwa bwino, amene aliyense ankatha kulembetsa popanda womufunsa, ndipo oyang'anira ambiri anadziteteza potsekereza masevawo. Tsono taganizirani woyang'anira wa ku Berlin amene walandira dandaulo pa uthenga wochokera ku seva imene sanaimvepo, wolembedwa m'chinenero chimene sachimva. Sangasiyanitse nthabwala za pachibale, mwano weniweni ndi malonda a mtedza. Chapafupi kwa iye n'kutseka, ndipo sindingamudzudzule kwambiri, chifukwa nayenso amagwira ntchitoyo mongodzipereka akaweruka kuntchito. Seva yaikulu ikalakwitsa anthu amakambirana nayo chifukwa kuitseka n'kutaya anzawo ambiri. Yaing'ono imangotsekedwa, mwina eni ake osadziwa n'komwe.

Ena amati kuchepa n'kumene akufuna, sakufuna kutchuka, akufuna malo abata ochezerapo ndi anthu odziwana nawo. Maganizo amenewa ndi omveka kwa munthu wotopa ndi phokoso la pa X, koma kwa ife sakuwonjezera chilichonse. Malo otero tili nawo kale. Banki m'khonde, kwaya, komiti ya sukulu, alangizi a zaulimi ndi alimi otsogolera, onse amene ali ndi foni ya intaneti ali m'magulupu a WhatsApp, kumene uthenga wa mawu umathandiza ngakhale amene kuwerenga kumawavuta, ndipo makampani a mafoni amagulitsa mabandulo otchipirako a WhatsApp ndi Facebook okha. Seva ya kopaletivi siili m'bandulo imeneyo, ndiye kuti woitsegula azidya bandulo yodula ya intaneti yonse, imene ilinso ndi msonkho wa 10 peresenti umene unaikidwa mu 2015. Palibe mlimi amene angalipire zambiri kuti alankhule ndi anthu omwewo amene akulankhula nawo kale motchipa. Chimene WhatsApp satha kuchita ndi kuika mawu a mudzi poyera, pamene aliyense angawapeze ndi kuwatchula mawa, ndipo ngati masamba opanda mwini mmodziwa sangachite chimenecho, kwa anthu a ku Kabudula alibe ntchito.

Choncho maganizo anga ndi akuti tisayambe ndi maseva ambirimbiri, aliyense ndi kake. Tiyambe ndi ochepa olimba, atatu kapena anayi, ogwiridwa ndi mabungwe amene sadzatha chaka chamawa, okhala ndi magetsi, akatswiri ndi dzina lothera ndi .mw, ndipo onse alumikizidwe ku relay imodzi ya Malawi imene anzathu olemba Chinyanja ku Chipata, ku Tete ndi ku Joni angalowenso. Zipangizo zake si zachilendo kuno. MAREN imalumikiza kale masukulu a ukachenjede, LUANAR ili m'boma lomwelino la Lilongwe, malo ofufuzira za ulimi a Chitedze ali pa msewu wa ku Mchinji womwe anthu a ku Mpingu ndi Namitete amadutsa tsiku ndi tsiku, ndipo lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund kuti lithandize madera amene makampani saonako phindu. Chofunika kwambiri kuposa makina ndi amene adzakhalepo. Mawailesi, ogula mbewu, maofesi a zaulimi a m'madera, a zanyengo ndi atolankhani akayamba kuika mitengo, machenjezo ndi nkhani zawo pamenepo, mlembi wa ku Nsaru adzakhala ndi chifukwa cholembetsera, ndipo uthenga wake wa soya udzagwera pamene pali maso ofuna soya. Oyang'anira adzakhala omva Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, otha kudziwa kuti apa n'kuseka chabe, apa ndi chipongwe. Kopaletivi imene idzafune seva yakeyake pambuyo pake idzapeza polumikiza pali kale.

Ndikudziwa kuti wina afunsa ngati uku sikungomanga Facebook ina yaing'ono, mwinanso yoopsa kuposa yoyambayo chifukwa ili pafupi ndi dzanja la boma. Nkhawa imeneyi ndi yeniyeni m'dziko limene anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp ndi Facebook, pogwiritsa ntchito lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016. N'chifukwa chake sindikunena seva imodzi, ndipo sindikunena kuti ikhale ya unduna. Imodzi itha kukhala ya masukulu a ukachenjede, ina ya atolankhani kudzera m'mabungwe awo monga MISA Malawi, ina ya mabungwe a alimi kapena a mipingo, kuti wopanikizidwa kwina asamukire kwina ndi omutsatira ake. Mwayi wosamukawo ndi umene Facebook sipereka, ndipo sufuna maseva chikwi kuti ukhalepo. Komanso tiyang'ane mbali inayo: pamene apolisi afuna kudziwa amene analemba uthenga wakuti, mnyamata woyendetsa seva ya anthu 30 pa Nambuma alibe loya, alibe womuikira kumbuyo, ndipo apereka zonse tsiku lomwelo. Bungwe lokhala ndi dzina ndi maloya litha kufunsa kaye chikalata cha khoti.

Funso lomaliza ndi lakuti kodi nkhaniyi sinafulumire, poti Amalawi ogwiritsa ntchito intaneti sakufika n'komwe pa mmodzi mwa atatu aliwonse, ndipo kumudzi ambiri akadali ndi mafoni a mabatani amene amatchajitsa pa sola ya pagolosale. Ine ndikuona kuti ino ndiye nthawi yake, chifukwa chizolowezi chikakhazikika sichisunthika. Facebook inalowa m'manja mwa Amalawi ambiri kudzera pa ntchito ya Internet.org mu 2015, imene inkalola kutsegula masamba ena popanda bandulo, ndipo kwa anthu ochuluka mpaka lero intaneti ndi Facebook yomweyo. Meta, mwini wa Facebook, nayo yaona kumene mphepo ikulowera: mu 2024 inayamba kulumikiza tsamba lake la Threads ku maseva a mtundu wa Mastodon, kutanthauza kuti ngakhale m'dziko la maseva odziimira paokha mwalowa chimphona. Mlimi wa ku Nsaru amene adzagule foni yake yoyamba ya intaneti akagulitsa soya wa chaka chamawa adzalembetsa kumene wogula ndi wailesi yake ali. Ngati MACRA ndi makampani a mafoni angagwirizane kuti maseva a .mw amenewa alowe m'mabandulo otchipa aja pamodzi ndi WhatsApp, ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi kumanga mlongoti umodzi, ndipo Universal Service Fund inakhazikitsidwira ntchito zotere.